Momwe mungakhalire katswiri wofufuza minofu ya m'mitsempha ya magazi

Munthu wa BP akamwa amlodipine, mankhwalawo amakagwira timaselo ta minofu tomwe tazungulira mtsempha wa magazi ngati lamba. Timaseloti tikakoka, mtsempha umachepa, BP n'kukwera. Amlodipine amatseka khomo lolowera calcium, timaselo n'kumasuka. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza timaselo tomweti basi, ndipo njira yake ndi iyi.

Yambani ndi digiri ya udokotala, pharmacy kapena biology, kaya ku KUHeS kaya ku Zomba. Physiology ndi biochemistry muzimvetse, osati kungoloweza za mayeso.

Kenako pezani malo mu labotale, ngakhale osalipidwa. Ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre amafufuza kwambiri matenda opatsirana, koma kugwira pipette (kachida koyezera timadzi), kulera maselo ndi kuchita PCR (njira yochulukitsira DNA) n'chimodzimodzi kulikonse.

Masters ndi PhD mwina mukachitira kunja, ndipo Beit Trust ndi Commonwealth Scholarship amalipirira Amalawi. Apa musatengeke ndi dzina la yunivesite, sankhani munthu wokuyang'anirani. Werengani pa PubMed, tsamba la pa intaneti la zofufuza zachipatala, zimene walemba posachedwa, mumulembere kalata yaifupi yofunsa funso limodzi lenileni. Makalata ongotamanda amalandira ambiri.

Mukalowa, luso la manja ndiye chuma chanu. Pa makina otchedwa wire myograph mumadula kachidutswa ka mtsempha wa khoswe ka mamilimita 2, n'kulowetsamo timawaya tiwiri mukuyang'ana pa maikulosikopu. Dzanja likanjenjemera mwapala kakhungu kam'kati, ndipo mtsempha sumasukanso mukauthira acetylcholine, mankhwala amene amamasula mtsempha wabwinobwino. Musanyoze vuto lotere: Robert Furchgott analitsatira mpaka analemba za ilo mu 1980, ndipo mu 1998 analandira mphoto ya Nobel pa nkhani ya nitric oxide, mpweya umene kakhungu kaja kamatulutsa kuti mtsempha umasuke.

Chenjeraninso ndi maselo olera m'mbale. Pakapita nthawi amasiya kukoka n'kuyamba kungochulukana, monga amachitira mu mtsempha umene ukutsekeka ndi mafuta. Gary Owens wa ku University of Virginia wathera zaka zambiri pa kusintha kumeneku. Choncho muziyeza MYH11, puloteni ya maselo okoka, musananene kuti maselo anu akadali a minofu.

PhD ikatha pamabwera zaka za postdoc, ntchito yofufuza pansi pa katswiri wina, kontilakiti zake zazifupi, malipiro osachititsa kaso. Lembani mapepala okhala ndi dzina lanu patsogolo, chifukwa mabungwe opereka ndalama za kafukufuku amayang'ananso amenewo. Ngati mukufuna kubwerera kumudzi, yambani msanga kulankhula ndi a bungwe la MEIRU, omwe amafufuza za BP ku Karonga ndi ku Lilongwe.