Ntchito ziwiri zakupezani ku London, nde mutenge iti?

Makalata awiri a ntchito akafika pa imelo, ina ya chipatala cha boma cha NHS ina ya nyumba yosamalira okalamba ya eni ake, ambirife maso amathamangira pa nambala yaikulu ija basi, kenako kutenga foni kuchulukitsa ndi reti ya kwacha, mutu nkuyamba kuzungulira kuti mamiliyoni onsewa angadi ine? Abale anga, London sawerengera choncho. Nambala ya pa kalata ija ndi ya chaka chonse asanadule kalikonse, ndipo mu tauni imeneyi kachipinda kamodzi mnyumba yogawana khitchini ndi bafa ndi anthu osawadziwa kakumachita £900 mpaka £1,000 pa mwezi, madera ena kupitirira apo. Nde chofunika kudziwa ndi ndalama imene itsale mmanja pa 30 mutalipira zonse, komanso ngati bwana amene akusainirani visa uja adzakhalepobe chaka chamawa.

Tiyerekeze ndinu nesi. Chipatala cha NHS cha mkatikati mwa London chakupatsani Band 5, gulu la malipiro limene manesi amayambirapo, imene mu 2025 poyambira inali pafupifupi £31,000 pa chaka, nde chifukwa kumeneko zinthu ndi zodula amawonjezerapo 20%, zonse pamodzi zikufika ngati £37,000. Chipatala chikakhala cha kunja pang'ono kwa tauni owonjezerayo amatsika kufika 15%, chikakhala cha mmalire mwenimweni ndi 5% yokha, choncho funsani kuti chipatala chanucho chili mu gulu liti, musangomva dzina loti London nkusangalala. Kalata inayo, ya kwa okalamba, yalemba £40,000. Aliyense angoti tenga ya 40, eti? Koma tawerengani maola. Ku NHS sabata ndi maola 37.5, pamene nyumba zambiri za okalamba zimawerengera ma shifiti anayi a maola 12, kutanthauza 48 pa sabata. Mukagawa mupeza kuti wa NHS akulandira pafupifupi £19 pa ola, wa £40,000 uja akulandira £16 yokha ndipo akutopa kuposa mnzake. Apo sitinayikepo zoti ku NHS Band 5 ukagwira usiku kapena Loweruka amawonjezera 30%, Lamulungu ndi maholide a boma 60%, pamene kwa eni ake ambiri usiku ndi usana mtengo ndi umodzimodzi. Funsaninso ngati nthawi yopuma pakati pa shifiti amalipira, ena amadula ola lathunthu tsiku lililonse osakuwuzani.

Za msonkho sizovuta kwenikweni. £12,570 yoyambirira pa chaka saikhudza, yopitirira apo mpaka £50,270 amadula 20%, kenako National Insurance, ndalama ina imene boma limadula pa malipiro, 8%. Ikatero pali penshoni. Ya NHS imadula kwambiri pa malipiro, mwezi woyamba mukaona payslip mtima umawawa ndithu, wa £37,000 uja amatsala ndi ngati £2,300 pa mwezi pamene wa £40,000 atsala ndi ngati £2,600. Anthu athu ambiri amathamangira kutulukamo mu penshoni kuti ndalama yotumiza kumudzi ichuluke, ine ndimaona kuti nkutaya, chifukwa boma limakuikiraninso yoposa 20% ya malipiro anu mmenemo, pamene kwa eni ake lamulo limangofuna bwana aikepo 3% basi. Kusiyana kwa £300 kuja mukagwira ma shifiti owonjezera awiri pa chipatala chomwecho mwakubweza kale, nkukhalabe kuti simunafike maola a mnzanu uja.

Tsopano nkhani yaikulu, imene kwa ine imaposa malipiro onse, ndi ya visa. Health and Care Worker visa imamangiriridwa kwa bwana amene wakupatsani Certificate of Sponsorship, satifiketi yosonyeza kuti iye ndiye sponsa wanu, amene wakulembani ntchito. Simungangodzuka mmawa nkuti ndatopa ndikupita kwina ngati mmene timachitira ku Limbe, muyenera kupeza bwana wina wa laisensi yolembera anthu ochokera kunja, akupatseni satifiketi yatsopano, mulipirenso visa. Ndipo Home Office, unduna woona za ma visa, ikamulanda laisensi bwana wanu, zimene zachitikira makampani ambiri a care, osamalira okalamba ndi odwala, zaka zapitazi, inu amene simunalakwe kanthu mumapatsidwa masiku 60 okha kuti mupeze sponsa wina apo ayi muzinyamuka. Masiku 60 ku London opanda malipiro, landilodi akufuna yake, ndipo visa yanu inalembedwa kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma, palibe Universal Credit, palibe thandizo la renti. Nde musanasaine pitani pa gov.uk muone ngati dzina la kampaniyo lili pa mndandanda wa ma sponsa ovomerezeka, kenako muone lipoti lawo ku CQC, bungwe loyendera zipatala ndi nyumba za okalamba ku England, amalemba poyera ngati malowo ali bwino kapena akulephera. Kakampani kongoyamba kumene, kopanda ofesi yooneka, bwana wake amangoyankhula pa WhatsApp usiku, ngakhale katalonjeza zingati ine sindingasiye chipatala cha boma chifukwa cha iko.

Wina akakuwuzani kuti lipirani kaye mapaundi masauzande kuti tikupatseni satifiketi, thawani. Lamulo la ku UK silimalola ejenti kukulipiritsani chifukwa chokupezerani ntchito, ndipo mtengo wa satifiketiyo ndi wa bwana osati wanu. Malawi ilinso pa mndandanda wa mayiko amene ma ejenti saloledwa kukasakako ogwira ntchito zaumoyo, mumaloledwa kufunsira nokha mwachindunji, nde amene akuyendayenda mma gulupu kuti ndikulemba manesi aku Malawi dziwani kuti wayamba kale ndi kuphwanya malamulo. Kwa a care worker zinthu zinasinthanso, kuyambira March 2024 obwera kumene saloledwa kubwera ndi banja, ndipo kuyambira July 2025 anatsekeratu kulemba anthu atsopano ochokera kunja pa ntchito imeneyi, otsala ndi amene ali kale mdzikomo amene akhoza kusintha bwana. Manesi zimenezi sizinawakhudze, mkazi kapena mwamuna ndi ana akhoza kubwera.

Mukakhala kuti ndinu wa care amene mukusamukira ku London kuchokera tinene ku Leicester kapena Nottingham, funso loyamba likhale la maola otsimikizika. Malipiro ochepetsetsa a boma mu April 2025 anafika £12.21 pa ola kwa wa zaka 21 kupita mtsogolo, koma mtengo wa ola suthandiza ngati rota, ndandanda wa ma shifiti, ikutuluka ndi maola 20 sabata ino, 45 sabata yamawa, 15 inayo. Renti siisintha ndi rota. Ntchito yoyenda khomo ndi khomo ija ndiyo imapusitsa kwambiri, amakulembani £14 pa ola koma akuwerengera mphindi 30 zimene muli mnyumba mwa gogo uja basi, nthawi ya pa msewu osawerengera, mumachoka 6 mmawa kubwera 10 usiku koma pa pepala mwagwira maola 7. Mwalamulo nthawi yoyenda pakati pa odwala imayenera kuwerengedwa poona ngati mwafika pa malipiro ochepetsetsa, afunseni amalipira bwanji ndipo akuyankheni polemba. Akanena kuti pakufunika galimoto onjezerani inshuwalansi, imene kwa mlendo imakhala yodula koopsa, ndi £12.50 pa tsiku ya ULEZ, ndalama yolipirira utsi, ngati galimotoyo ndi yakale yotulutsa utsi wambiri, imeneyi inafalikira London yonse mu August 2023. Laisensi yaku Malawi mumayendetsera miyezi 12 yokha kenako muyenera kukhoza mayeso a konko, anzathu a laisensi yaku South Africa ndi Zimbabwe amangosinthitsa, ife ayi, zowawa koma ndi mmene zilili.

Kumene mukagone nakonso kumasankha ntchito. Musayerekeze ntchito ziwiri musanatsegule mapu nkuona kuti pa malipiro amenewo mungakwanitse kukhala kuti, ndipo kuchoka pamenepo kukafika pa wodi 7 koloko mmawa Lamulungu muyenda bwanji. Kumadera ngati Barking, Dagenham, Croydon kapena Woolwich renti imatsikako poyerekeza ndi pakati pa tauni, koma sitima imalipiritsa potengera ma zoni, mukatalikira imene mwapulumutsa pa renti ina imathera pa Oyster, khadi yolipirira sitima ndi basi. Basi ndiyo yotchipa, mu 2025 inali £1.75 ndipo mukasintha basi mkati mwa ola limodzi simulipiranso, nde ntchito imene mungafike ndi basi imodzi kapena wapansi ili ndi phindu limene silinalembedwe pa kalata. Ena amati ndikakhala ku Luton kapena Slough ndizikwera sitima, taonani kaye mtengo wa tikiti ya mwezi, mukhoza kukhala pansi. Ndipo munthu wochoka pa shifiti ya usiku ya maola 12 nkukhalanso ola ndi theka mu sitima, miyezi itatu yokha thupi limayamba kukana.

Pa kontirakiti pali kandime kena kamene anthu amakadumpha chifukwa cha chimwemwe, koti mukachoka musanathe zaka ziwiri kapena zitatu mubweze ndalama zimene anawononga pokubweretsani, tikiti ya ndege, visa, mayeso a OSCE oyesa luso la unesi amene okha ndi pafupifupi £800, malo ogona a poyamba. Kubweza pakokha si kolakwika, ngakhale zipatala za boma zimachita, koma ndalamayo ilembedwe kuti ndi zingati, ya chiyani, ndipo izitsika chaka chikamatha. Mukaona nambala yaikulu yosafotokozedwa, imeneyo ndi chingwe chomangira mbuzi pa chikhomo, akudziwa kuti mukafika mudzafuna kuthawa. Manesi obwera kumene funsaninso kuti musanakhoze OSCE nkulandira PIN, nambala yokulolani kugwira unesi yochokera ku bungwe la manesi la NMC, muzilandira zingati, chifukwa miyezi yoyambayo amakulipirani ngati wothandizira, osati malipiro a pa kalata aja, komanso mukalephera koyamba wolipira mayeso achiwiri ndi ndani.

Za tchuthi mwachidule, lamulo limapereka masiku 28 kuphatikiza maholide a boma, NHS imayambira 27 kuwonjezerapo 8 a boma. Kwa ife masiku owonjezerawa ndi ofunika chifukwa kupita kumudzi palibe ndege yachindunji, mudzere Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, masiku awiri atha pa ulendo wokha. Funsani ngati amalola kutenga masabata atatu kapena anayi pakamodzi, ndipo maliro akagwa kumudzi amatani. Mukadwala nakonso, NHS imalipira malipiro athunthu kwa kanthawi ndipo nthawiyo imakula mukamakhalitsa, kwina mumangolandira kandalama kochepa ka lamulo kosakwana ndi renti yomwe.

Amene muli ndi ana aang'ono werengani kawiri. Maola 30 aulere a ku nazale a makolo ogwira ntchito aja visa yathuyi siilola, mwana wa zaka 3 kapena 4 amapeza maola 15 okha pa sabata, ndipo ku London kulibe azakhali kapena mtsikana wantchito woti nkumusiyira mwana. Ntchito imene imalola kusankha ma shifiti kuti bambo akamalowa mayi azituluka ikhoza kuposa ina ya malipiro okwera ndi £3,000 yonse. Banja silingakhalenso mchipinda chimodzi mpaka kale, ndipo ma ejenti a nyumba ambiri amafuna malipiro a pa chaka ofika ka 30 renti ya pa mwezi, apo ayi mupeze munthu wokuimirani, kutanthauza kuti fulati ya £1,500 akufuna muonetse £45,000. Pamwamba pake pali council tax, msonkho wa nyumba wopita ku khonsolo, magetsi ndi gasi amene nthawi yozizira amakwera zedi.

Mwezi woyamba ndi umene umagwetsa anthu. Malipiro amabwera kumapeto kwa mwezi koma landilodi akufuna renti ya mwezi umodzi ndi dipoziti musanalowe, dipozitiyo mwalamulo isapitirire renti ya masabata asanu ndipo ayenera kuisungitsa ku bungwe lovomerezeka pasanathe masiku 30, akupatseni umboni wake. Pa chipinda cha £950 ndekuti mukufunika zoposa £2,000 musanagule ndi ufa womwe. Nde bwana amene akupereka malo ogona kwa mwezi umodzi kapena itatu yoyamba, kapena kukubwerekani ya dipoziti nkumadula pang'onopang'ono, muikeni patsogolo ndithu, koma funsani kuti mukasiya ntchito nyumbayo mutuluka pakatha masiku angati. Payslip yoyamba ikafika yang'anani tax code, nambala yosonyeza mmene akukudulirani msonkho, kwa ambiri imayenera kukhala 1257L, mukaona BR kapena 0T akukudulani mopitirira, imbirani HMRC, bungwe lotolera misonkho, akonze ndipo yowonjezerayo amabweza. Akumudzi musawauze nambala ya pa kalata ija, kkkk mudzalira ndi ma fizi a mudzi wonse, dikirani muone ma payslip atatu kaye kenako muwauze imene mungamatumize pa Mukuru kapena Airtel Money mwezi ndi mwezi.