Kuyesa Thirakitala Yogwirapo Kale Ntchito Musanalipire

Pitani m'mamawa, mugwire injini ndi dzanja kuti mutsimikize kuti sinalizidwe. Ikatentha imabisa matenda. Mukailiza, utsi wa buluu ukamangotulukabe ndiye kuti ikudya oyilo, maringi a mapisitoni atha. Oyilo akamaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowamo, kawirikawiri gasiketi yapsa. Thirakitala imeneyo isiyeni, ngakhale mwiniwake atsitse mtengo.

Mangirirani pulawo kumbuyo, muikweze, muzimitse injini. Pulawo ikatsika yokha m'mphindi zochepa, haidiroliki, yomwe imakweza pulawoyo, ikudontha mkati. Injini ikamalira, PTO, shafiti ya kumbuyo yoyendetsa zida, izizungulira ka 540 pa mphindi imodzi popanda kugogoda. Matayala akumbuyo ndi odula, choncho akakhala ndi ming'alu m'mbali, nenererani mtengo.

Mita ya maola anthu amaisintha. Kutha kwa mapedulo ndiko kumanena zoona.