Mukapita ku Assisi, yambirani kumtunda

Anzanga amene mukupita ku Assisi ku Italy, sitima imakusiyani kumunsi ku Santa Maria degli Angeli koma tauni yeniyeniyo ili paphiri, ndiye kwerani basi mukatsikire kumtunda ku Piazza Matteotti kuti muziyenda motsetsereka, apo bii miyendo ikupwetekani heve. Mudutsa pa tchalitchi cha San Rufino, kenako cha Santa Chiara, mpaka kukafika ku tchalitchi cha Fransisko Woyera chomwe anayamba kumanga mu 1228. Cha Fransiskochi ndi matchalitchi awiri osanjikizana, manda ake ali pansi penipeni, musathamangire kutuluka musanatsikireko chonde. Kulowa ndi ulele koma mapewa ndi maondo zibisike, amayi tengani chitenje mchikwama, ndipo mkatimo kujambula saloleza. Valani nsapato zafulati, misewu yake njamiyala.