Momwe ndinathetsera vuto la JUMP m'mayeso a bytecode

Kuno ku Salima tili ndi kagulu kophunzira ma smart contract, kapena kuti makontirakiti, omwe ndi mapulogalamu oyenda pa netiweki ya Ethereum, ndipo tikuyesa kontirakiti yosunga kaundula wa banki m'khonde. Mayeso ena timalemba bytecode (malamulo a pulogalamu olembedwa m'manambala) ndi manja kuti tione momwe EVM, makina oyendetsa makontirakiti a Ethereum, imagwirira ntchito popanda Solidity, chilankhulo cholembera makontirakiti, pakati.

Chimene chinkatisautsa ndi JUMP, lamulo louza pulogalamu kudumphira pamalo ena m'bytecode. Lamuloli, lomwe nambala yake ndi 0x56, limafuna kuti pomwe likudumphira pakhale JUMPDEST, 0x5b, chizindikiro cha malo ofikira. Pakapezeka china, kontirakiti imaima ndipo gasi yense (muyeso wa ntchito yomwe umalipirira pa Ethereum) amathera pomwepo. Tsono ukangowonjezera byte imodzi pamwamba, malo onse a m'munsi amasuntha, n'kuyambanso kuwerenga.

Ndinalemba kachida kakang'ono mu Python. Malo aliwonse odumphirako ndimawapatsa dzina, monga "bweza" kapena "kana". Kachidako kamadutsa m'malamulo kawiri: ulendo woyamba kamalemba pomwe dzina lililonse lagwera, wachiwiri kamaika manambala enieni.

Panatsala nkhani ya kukula kwa nambalayo. Nambala ya malo odumphirako imaikidwa ndi lamulo la PUSH, ndipo PUSH1, 0x60, imanyamula byte imodzi yokha, kutanthauza kuti siipitirira 255. Pulogalamu ikatalika pamafunika PUSH2, 0x61, koma kusinthako kumasunthanso malo ena onse. Ine ndinasankha PUSH2 pa dzina lililonse, basi. Imafika pa 65535, pomwe lamulo la Ethereum lotchedwa EIP-170 silimalola kontirakiti kupitirira ma byte 24576, ndipo PUSH1 ndi PUSH2 onse awiri amadya gasi 3. Byte yowonjezerayo m'mayeso siindidetsa nkhawa ngakhale pang'ono.

Dzina likasowa kapena likalembedwa kawiri, kachidako kamakana mayeso asanayambe n'komwe, ndipo kamatchula dzinalo.