Pikiapu ikamadukiza: pezani kaye silinda yomwe yagona

Injini yodukiza, yomwe amakaniko amati ili ndi misifaya, sivuta kuidziwa. Ikamalira galimoto itaima imanjenjemera, kuekizozi kumamveka phu-phu wosalongosoka, ndipo mukasenza matumba a kachewere kuchokera ku Tsangano kapena mukamakwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, mphamvu imangotha. Chomwe chachitika n'chakuti silinda imodzi sikuwotcha mafuta bwino chifukwa ikusowa chimodzi mwa zitatu: moto wa pulagi, mafuta oyenera, kapena kompuleshoni (kupanikizika kwa mpweya m'silinda). Ambiri amathamangira kugula mapulagi anayi ndi koyilo asanadziwe n'komwe silinda yolakwa, ndalama n'kupita pachabe.

Ngati pikiapu yanu ndi ya petulo ndipo ili ndi polowetsera makina a OBD (owerenga manambala a zolakwika mu kompyuta ya galimoto) pansi pa chiwongolero, yambirani pamenepo. Nambala ya P0301 pa makinawo ikuloza silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, mpaka P0304. P0300 ikutanthauza kuti vuto likuyendayenda, choncho ganizirani zomwe masilinda onse amagawana: fyuluta ya mafuta, pampu, kapena paipi yong'ambika yomwe ikulowetsa mpweya wosayenera. Nyali ya injini ikamaphethira m'malo mongoyaka, musapitirize ulendo wautali, poti petulo wosapsa akuwotcha zamkati mwa ekizozi.

Popanda makina, lizani injini n'kumazula waya wa injekita (kachipangizo kopopera mafuta a silinda) imodziimodzi. Mukazula pa silinda yabwino, injini imanjenjemera koposa. Mukazula n'kusasintha kanthu, mwaipeza. Pa injini zakale za kabureta monga 4Y ya Toyota mumazula waya wa pulagi, koma mugwire ndi pulayala ya zogwirira za labala.

Tsopano sinthanitsani, chifukwa kutero n'kwaulere. Ngati silinda iliyonse ili ndi koyilo yake (yopereka moto ku pulagi), chotsani ya silinda yodwalayo muiike pa ina. Vuto likasamuka, koyiloyo ndiyo yafa. Likatsala pomwepo, sinthanitsani mapulagi. Pulagi mumasule injini itazizira, mutapemerera kaye fumbi lozungulira dzenje kuti lisagwere mkati. Ikatuluka iyang'anitsitseni, imanena zambiri. Yofiirira ngati dothi louma ili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma ikusonyeza kuti mafuta akuchuluka, kawirikawiri chifukwa fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi la misewu yathu yadothi. Yonyowa ndi oyilo ikuloza maringi kapena masilo a mavavu, ndipo pulagi yatsopano idzangothandiza masabata ochepa. Yoyera mbee ngati yotsukidwa, pamene zinzake zili zofiirira, ikusonyeza kuti madzi a m'rediyeta akulowa m'silinda. Mpata wa kunsonga kwa pulagi ukhale pafupifupi mamilimita 0.8 pa injini zakale ndi 1.0 mpaka 1.1 pa zambiri zatsopano, koma tsatani buku la injini yanu. Pobwezera, yambani kumanga ndi zala kuti musaononge mazinga.

Injini ikamadukiza m'mawa wa chifunga okhaokha, monga zimakhalira ku Bembeke mu Juni ndi Julayi, n'kusiya ikatentha, moto ukuthawira m'ming'alu ya mawaya kapena m'chivundikiro cha disitiribyuta. Tsegulani boneti usiku injini ikulira, muona timoto tabuluu tikudumpha. Posintha mawaya chotsani imodzi n'kuika imodzi. Injini zambiri za masilinda anayi zimawomba motsatana 1-3-4-2, ndipo mukasokoneza mawaya awiri muyambitsa vuto lina.

Mafuta a m'zigubu ndi nkhani ina. Petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi. Thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati, mudikire mphindi khumi. Pansi pakakhala mzere wa madzi, khuthulani tanki ndi kusintha fyuluta.

Moto ndi mafuta zikakhala bwino, yezani kompuleshoni injini ili yotentha, mapulagi onse atachotsedwa, fyuzi ya pampu ya mafuta itazulidwa, mutaponda moto mpaka pansi. Musadzidzimuke ndi nambala yotsika: boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka, moti injini yomwe kunyanja ya Malawi ingaonetse mabaa 12 (baa ndi muyezo wa kupanikizika) kuno ingaonetse pafupifupi 10.5 ili bwinobwino. Chofunika ndi kusiyana kwa masilinda, kusapitirire baa imodzi. Silinda yotsikayo ithireni oyilo sipuni yaing'ono muyezenso. Nambala ikakwera, maringi atha. Ikapanda kukwera, ndi vavu yopsa kapena yothina. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yaphulika pakati pawo.

Dizilo alibe mapulagi a moto. Kunjenjemera ndi utsi woyera polizitsa m'mawa wozizira, zomwe zimatha pakapita mphindi zingapo, nthawi zambiri ndi mahita (mapulagi otenthetsa m'silinda polizitsa) akufa. Hita yabwino imaonetsa pafupifupi ohm imodzi pa mita yoyezera magetsi. Kudukiza kosalekeza ndi mpweya kapena madzi m'mafuta, kapenanso injekita. Khuthulani madzi pansi pa fyuluta, mupope ndi kapampu ka dzanja ka pa fyulutapo mpaka kalimbe. Pa injini zakale za Toyota monga 3L ndi 5L mutha kumasula pang'ono nati ya paipi ya injekita imodziimodzi injini ikulira, kuti mupeze yosagwira. Pa injini zatsopano monga D-4D ndi zina za common rail (zomwe mainjekita onse amalandira mafuta kuchokera m'paipi imodzi) musayerekeze: mafuta ake amakankhidwa kupitirira mabaa 1,000 ndipo amaboola khungu. Zimenezo amaziyeza poona mafuta omwe injekita iliyonse ikubweza, ndipo yobweza ochuluka kuposa zinzake ndiyo yopita nayo kwa okonza mainjekita.