Kukaona manda akale a pansi pa nthaka ku Malta

Mmalawi wokhala ku Britain kapena ku Ireland amene akufuna kukaona manda a Ħal Saflieni, m'tauni ya Paola pa chilumba cha Malta, ayambe wapeza tikiti yolowera, ya ndege ibwere pambuyo. Bungwe la Heritage Malta, loyang'anira malowa, limalowetsa anthu khumi okha nthawi imodzi, ndipo patsiku sapitirira 80, chifukwa mpweya wopuma anthu ndi chinyezi zimawononga zojambula zofiira za kudenga. Choncho matikiti amatha kudakali milungu ingapo, makamaka m'miyezi yotentha ya Julayi ndi Ogasiti, ndipo nkwanzeru kugula pa intaneti msanga.

Nkhani ya ziphaso nayo isapeputsidwe. Malta ali m'chigawo cha Schengen, cha maiko a ku Ulaya olowedwa ndi viza imodzi, kotero woyendera pasipoti ya Malawi afunika viza, ngakhale ali ndi chilolezo chokhalira ku Britain kapena ku Ireland, popeza maiko awiriwa sali m'chigawocho. Mukangofika, zinthu n'zosavuta: Chingerezi chimamveka paliponse, galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, ndipo mabasi a ku Paola amanyamukira ku Valletta, likulu la dzikolo.

Khomo la malowa lili mumsewu wamba pakati pa nyumba za anthu, moti wosadziwa angalipitirire. Mandawa anapezeka mwangozi mu 1902, pamene amisiri ankakumba zitsime zosungira madzi a nyumba zatsopano. Pansi pake pali zipinda zosanjikizana katatu, zimene anthu osadziwa chitsulo anazigoba m'thanthwe ndi miyala ndi nyanga zaka zoposa 4,500 zapitazo, ndipo akatswiri amati munali mafupa a anthu pafupifupi 7,000. Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti kumanda sikupitidwa wamba, kulipira ndalama kuti ulowemo kumamveka kwachilendo, komabe ulemu umene timapereka kumasano ndi womwewo wofunika pano. Kujambula zithunzi n'koletsedwa, makoma sakhudzidwa, ndipo ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi saloledwa, zimene makolo ayenera kuzilingalira asananyamuke. Valani nsapato zosaterereka, pakuti njira zake n'zopapatiza ndiponso za chinyezi.

Kafano kadothi ka mayi wogona chammbali, kamene kanapezeka m'mandamu, simukapeza pansipo. Kamasungidwa kunyumba yosungira zinthu zakale ya National Museum of Archaeology mumzinda wa Valletta, ndipo ndi bwino kukakaona tsiku lomwelo, maso akadakumbukira mdima umene kanachokera.