Kwa wofuna kukhala loya wa milandu ya malonda ndi masheya

Mphwanga wa Folomu 4 kuno ku Kasungu wandivutitsa tchuthi chonse kuti ndimuuze njira yomwe ndinadzera. Ndamulembera pano kuti anzake aonereko.

Khoza Chingerezi, mphwanga, koma masamu usawataye. Ine ndinawathawa, n'kudzawapeza akundidikira ku ofesi. Digiri ndinaitenga ku Zomba, kukadali Chancellor College. Masiku ano kulinso Malawi Institute of Legal Education, komwe omaliza digiri amaphunzira kagwiridwe ka ntchito asanaloledwe kuimira anthu kukhoti. Ukaloledwa, laisensi umaikonzanso chaka ndi chaka.

Ukatero, funa ntchito kwa maloya omwe milandu yawo imapita ku Commercial Division, nthambi ya High Court yoona milandu ya malonda yomwe inayamba mu 2007, ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Usayembekeze kukakuwa ngati m'mafilimu. Kumeneko amalankhula ndi mapepala.

Mlandu wanga woyamba unali wa bambo wina wa ku Santhe amene anapereka matumba a soya ku kampani ina pangongole. Kontilakiti panalibe, anangogwirana chanza. Ndinakonza mawu okoma usiku wonse, koma abwana anangofunsa kuti, "Analandira katunduyo anasaina pati?" Tinapita kumudzi n'kukapeza timapepala ta sikelo m'chikwama cha mayi a kunyumba, pamodzi ndi makadi a kusikelo ya ana. Timapepala timeneto ndi timene tinabweza ndalama, ndipo nkhani inathera kwa mkhalapakati. Milandu yambiri imayamba yadzera pamenepo isanazengedwe, choncho phunzira kukambirana. Ukalandira kasitomala, yamba wasanja mapepala ake motsata madeti, uwerengetsere wekha chiwongoladzanja, kenako umve nkhani yake kachiwiri.

Za masheya n'zosowa anthu. Werenga Securities Act ndi Financial Services Act, onse a 2010, komanso Companies Act ya 2013. Dziwa kuti woyang'anira msika wa masheya ndi Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank. Msika wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kulowapo inali NICO mu 1996. Airtel Malawi ndi FDH Bank zinalowa mu 2020. Peza prospectus ya imodzi mwa izi, chikalata chomwe kampani imaululamo chuma chake ndi zoopsa zake isanagulitse masheya, uiwerenge yonse ndi pensulo m'manja. N'chotopetsa, sindikunamiza.

Ukapeza kangachepe, gula timasheya kudzera kwa broker wovomerezeka, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, kuti uzilandira malipoti a pachaka. Koma ukadzayamba kugwira mafayilo a kampani, masheya ake usawayandikire, ndipo zomwe wamva mu ofesi usakawauze ngakhale amalume ako. Kugula masheya ndi nkhani zamkati ndi mlandu.